Phunziro 6: Mwana Awerenge ndi Kumva

Ambiri mwa ife timakondwa tikamva mwana akuwerenga mokweza osadodoma. Koma tikamufunsa kuti nkhaniyo ikunena chiyani, amangoti kukamwa yasa. Mwana wotere wadziwa kutchula mawu, koma kumva sanayambe.

M'kalata yao ya Lenti ya 1992, Aepiskopi athu adadandaula za kuthithikana kwa ana m'makalasi ndi kuchepa kwa aphunzitsi. Sukulu ya pulayimale itakhala yaulere mu 1994, chiwerengero cha ana chidakwera kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Mphunzitsi mmodzi sangafunse mwana aliyense ngati wamva. Komatu pa mayeso a Sitandade 8 a bungwe la MANEB pali gawo la kumvetsa nkhani, ndipo ngakhale samu imagwetsa mwana amene sanamve funso.

Ntchito yotsalayo ili pakhomo. Madzulo mwana awerenge ndime imodzi yokha, ya m'buku la kusukulu kapena Mthenga wa Lamulungu likudzalo. Atseke buku, atifotokozere m'mawu akeake. Kenaka timufunse: adachita zimenezi ndani? Chifukwa chiyani? Funso lachiwirili ndilo lovuta, ndipo ife makolo timathamangira kumuyankhira. Tidikire, abwerere m'ndimemo akapeze yekha. Ngati ndimeyo ili m'Chingerezi, aifotokoze m'Chichewa. Pamenepo zimadziwika ngati wamvadi. Kholo losadziwa kuwerenga lisachite manyazi, makutu lili nawo.

Zokambirana mu mphakati: Pakhomo pathu, mwana wamkazi akamaliza kutunga madzi ndi kutsuka mbale, nthawi yowerenga imamutsalira?