Phunziro: Tikaone doko la Beira

Tonsefe timadziwa doko la kumudzi, pamene timatunga madzi ndi kukocheza bwato. Ku Beira, m'chigawo cha Sofala, kulinso doko. Koma ili ndi la sitima zikuluzikulu za pa nyanja yamchere. Lili pamene mtsinje wa Púnguè umathira m'nyanjamo.

Tikafika, tiona khoma lalitali la simenti ndi zitsulo m'mphepete mwa madzi. Sitima imakocheza pa khomalo, ndipo anthu antchito amaimanga ndi zingwe zochindikala. Makina aatali amatsitsa ndi kukweza mabokosi achitsulo otchedwa makontena. Kontena yaing'ono ndi yotalika mamita 6, yaikulu mamita 12.

Sitima yolemera siilowa nthawi iliyonse. Madzi a m'nyanja yamchere amakwera ndi kutsika kawiri pa tsiku, chifukwa mwezi umawakoka. Ku Beira, masiku ena amakwera kupitirira mamita 6. Madzi akatsika, sitima imadikira kutali mpaka akwerenso. Mtsinje nawonso umabweretsa mchenga ndi matope. Choncho pali sitima zina zimene ntchito yake ndi kukumba njira ya m'madzi kuti isatsekeke.

Kodi dokoli limatikhudza bwanji ife a ku Angónia, Tsangano ndi Macanga? Fodya wathu wambiri amatulukira pamenepa popita kunja. Malasha ena a ku Moatize amafika pa njanji ya Sena, imene imaoloka Zambezi pa mlatho wa Dona Ana. Feteleza ndi mafuta a galimoto amalowera pomwepa. Malawi, Zambia ndi Zimbabwe alibe gombe la nyanja yamchere, ndipo katundu wawo wambiri amadzeranso ku Beira.

Doko silingagwire ntchito popanda msewu ndi njanji. Nkhondo imene inatha mu 1992 inaononga njanji ya Sena, ndipo sitima zapamtunda zinaima zaka zoposa 20. Malasha anayambanso kufika ku Beira pa njanjiyi mu 2011. Mu March 2019, namondwe Idai anaononga mzindawu, madzi osefukira n'kudula msewu waukulu.

Feteleza akachedwa pa doko, amachedwanso m'munda, koma mvula siidikira. Mafuta akasowa, galimoto yodzagula mbewu zathu siifika kumudzi. Ambiri a ife sitinaione nyanja yamchere, komabe ntchito ya pa doko ndi ntchito ya khasu lathu zimadalirana. Tisamale njanji, milatho ndi misewu imene imadutsa m'midzi yathu.

Tiwerenge ndi kulemba: doko, sitima, njanji, kontena, feteleza.

Tikambirane:
1. Chifukwa chiyani sitima yolemera imadikira madzi akwere?
2. Makontena 5 a mamita 12 atandandalikidwa pa mzere umodzi, ndi mamita angati?
3. M'nyumba mwathu muli zinthu ziti zimene zinabwera pa sitima?