Funsani Azakhali: Mkazi mnzanga ndi thabwa

Zikomo Azakhali,

Amuna anga pochokera ku Joni anabwera ndi timagalimoto tamagetsi tochitira mpikisano. Msewu wake anakhoma okha pathabwa n'kuuyala pabalaza. Tsopano timagalimototo tikungoima pamakona, ndipo iwo akuti mawaya a msewuwo afunika kuyalanso ena. Usiku onse amakhala chogwada pathabwapo, nsima n'kuzizira. Kodi ndilitenthe?

Ndine mayi wodandaula, Magomero.

Mwana wanga,

Pepa, koma ndaseka mpaka misozi. Anzako amandilembera za amuna osowa masiku atatu pa Namadzi, iwe ukulirira mwamuna woti ukudziwa pomwe wagwada? Mkazi mnzakoyo sapempha chitenje, sabereka, salalata. Machesiwo kabweze kukhitchini. Magomero idaona nkhondo yokwanira pa 23 Januwale 1915, anthu a John Chilembwe atalowa pa esiteti ya A. L. Bruce. Ina ya chidole sitikuifuna.

Matendawa sanayambe ndi mkamwini wangayo. Ku England adayamba kugulitsa timagalimoto ta Scalextric mu 1957, ndipo mpaka lero madoda aimvi amakangana pa timagalimoto tomweto. Wakoyo adakula akupinda galimoto zamawaya, pano wangoonjezerapo batire.

Chikumugoneka pansi ndi ichi. Kagalimoto kalikonse kali ndi kalilime kolowa mumpata wa msewu, ndi timawaya tiwiri tamkuwa tolukidwa tokhudza mizere iwiri ya m'mbali mwa mpatawo. Moto, wa mavoti 12 kapena kuposerapo pang'ono, umadzera pamenepo. Fumbi la Okutobala likakuta mizere, kapena chinyezi cha dzinja chikadetsa mkuwa, kagalimoto kamangonjenjemera. Ayambe wapukuta ndi kansalu konyowetsa spiriti, kenaka atambasule timawaya ta pansi pa kagalimoto, atipindire pansi pang'ono. Nthawi zambiri vuto limathera pomwepo, koma amuna sakonda mankhwala otchipa.

Ngati waya wa pamsewu wasosoka kapena wamatuka, auchotse wonse, apale guluu wakale mpaka thabwa liyere. Apake guluu uja omatira nsapato, adikire ayambe kunanda, ndiye ayale watsopano pang'onopang'ono osaukoka. Apa m'pamene ulowepo iwe. Ukudziwa kuti woluka tsitsi akakoka kwambiri limathothoka m'mbali. Wayayu naye akakokedwa amadzuka pakona, kagalimoto n'kukodwa. Aupsinje ndi botolo kuti ufanane ndi thabwa, nsonga zake azilowetse pabowo zikalumikizidwe kunsi, ndipo mizere iwiriyo isakhudzane, angaphe batire. Waya woteroyo akasowa, akafunse okonza mawailesi ku Limbe, kapena asende chingwe chakale cha TV, aphwathalitse ulusi wolukidwa wam'katimo.

Thabwalo lichoke pansi. Likhale pamiyendo, chifukwa chiswe cha kwanuko sichidziwa kuti ndi katundu wa ku Joni. Akatha kusewera azilifunditsa.

Tsono malipiro ako: munthu wotha kuyala waya mowongoka chonchi sangalephere kukhoma chitseko cha bafa. Umuuze kuti mpikisano uziyamba mbale zikatsukidwa, ndipo ana nawo azigwirako, asamangoonerera bambo awo akulira ngati injini.

Loweruka ndikubwera. Andisungire kagalimoto kofiirako.

Ndine Azakhali ako.