Kabowo ka chingwe pa gitala ya besi

Masiku ano matchalitchi ambiri ali ndi gulu loyimba ndi zida, ndipo pagulupo sipasowa munthu wa besi. Mwina ndi mwana wanu, mwina ndi inu nomwe. Pa thupi la gitala ya besi, kutsogolo kapena m'mphepete chakumunsi, pali kabowo kachitsulo kolowetsamo chingwe chopita ku ampu. Oyimba amati jack. Kukamwa kwake ndi mamilimita 6.35, ndipo muyeso umenewu unayambira ku matelefoni akale a zaka za m'ma 1800. Jack ilipo ya mitundu iwiri, ya mono ndi ya stereo. Kunja zimaoneka chimodzimodzi. Kusiyana kuli m'kati.

Tiyambe ndi chimene maso angaone. Tengani chingwe cha gitala, muyang'ane mutu wake. Pali nsonga, kenako kamzere kamodzi kakuda, kenako thunthu lalitali lachitsulo. Kamzereko ndi kapulasitiki kotchinga kuti zitsulo ziwirizo zisakhudzane. Umenewu ndiwo mutu wa mono, wa zigawo ziwiri. Nsonga imanyamula mawu a gitala, ndipo thunthu ndi njira yobwererapo magetsi, imene amisiri amati earth.

Tsopano yang'anani mutu wa mahedifoni omvera wailesi. Timizere takuda ndi tiwiri, choncho zigawo ndi zitatu: nsonga, kamphete kapakati, ndi thunthu. Nsonga imatengera mawu kukhutu lamanzere, kamphete kukhutu lamanja. Umenewo ndiwo mutu wa stereo. Mahedifoni a foni okhala ndi maikolofoni ali ndi timizere titatu, koma amenewo tiwasiye.

Mawu a besi amachokera pa nsambo zake zachitsulo. Pansi pa nsambo pali kachipangizo kotchedwa pickup, komwe ndi maginito wokulungidwa ndi waya wamkuwa wopyapyala kwambiri. Nsambo ikanjenjemera pamwamba pa maginitoyo, mu wayamo mumabadwa timagetsi tochepa, ndipo ampu imatikuza mpaka sipika ilire.  Chofunika kwa ife n'chakuti timagetsiti timafuna njira ziwiri zokha, yopita ndi yobwerera. N'chifukwa chake besi wamba, yopanda batire, imakhala ndi jack ya mono, yokhala ndi tizitsulo tiwiri towotchererapo waya. Precision Bass, imene Leo Fender anatulutsa ku California mu 1951, inali yotero, ndipo mabesi ambirimbiri akupangidwabe choncho.

Koma pali mabesi ena odya batire. Mu 1976 kampani ya Music Man inatulutsa besi yotchedwa StingRay, yokhala ndi kachipangizo m'mimba mwake kowonjezera mphamvu ya mawu asanatuluke m'gitala. Kachipangizoko kamayendera batire la mavoti 9, lija la makona anayi lokhala ndi timabatani tiwiri pamutu. Lero mabesi otere ndi ambiri, ngakhale otsika mtengo. Tembenuzani gitala yanu. Mukaona kachitseko kakang'ono kumsana, m'kati muli batire, dziwani kuti yanuyo ndi ya mtundu umenewu. Mabesi ambiri otere ali ndi jack ya stereo, ya tizitsulo titatu.

Apa ndi pamene anthu amasokonezeka. Amaganiza kuti popeza jack ndi ya stereo, ndiye kuti mawunso ndi a stereo. Ayi. Mawu ndi a mono basi, ndipo chingwe choyenera ndi cha mono chomwe chija. Kachitsulo kachitatu ntchito yake ndi ya swichi. Opanga gitala anawotcherera waya wakuda wa batire pa kachitsulo ka kamphete. M'kabowo mukakhala mopanda kanthu, wayayo sakumana ndi earth, choncho batire limangokhala osagwira ntchito. Mukalowetsa mutu wa mono, thunthu lake lalitali limakhudza tizitsulo tiwiri nthawi imodzi, ka kamphete ndi ka earth, monga thabwa loyalidwa pa ngalande kuti anthu awolokerepo. Magetsi amadutsa, gitala yayaka.

Ndiye mverani bwino apa, chifukwa ndi pamene ndalama zimathera. Chingwe chikakhala m'gitala, batire likudyeka. Ngakhale mutsitse voliyumu mpaka pansi, likudyeka. Ngakhale muzimitse ampu, ngakhale magetsi azime dera lonse, likudyekabe. Mapemphero akatha Lamulungu, ambiri amangotsamiritsa gitala kukhoma, chingwe chili momwemo, n'kudzaigwiranso tsiku la kwaya m'kati mwa sabata. Masiku onsewo, usana ndi usiku, batire limakhala likutha popanda nyimbo ndi imodzi yomwe. Ena amazula chingwe ku ampu kokha n'kumati asamala. Sizithandiza. Swichi ili ku gitala, ndiye zulani ku gitala. Batire limene likanakhala miyezi yambiri limatha m'masabata ochepa, ndipo batire la mavoti 9 silipezeka pa okala iliyonse. Ndalama yogulira lina imachoka m'thumba la mpingo, m'chopereka cha anthu amene ena a iwo anagulitsa masamba kuti aipeze. Chida cha gulu chimafuna chisamaliro choposa cha chida chako.

Musanazule, yambani mwatsitsa kapena kuzimitsa ampu. Mukapanda kutero, sipika imaphulika phokoso loipa, lowononga sipikayo ndi makutu a anthu.

Batire likamafooka, mawu amayamba kusasa ngati sipika yang'ambika, makamaka mukamenya nsambo mwamphamvu. Musathamangire kwa mmisiri ndi ampu pamutu. Yambani mwasintha batire. Ndi nzeru kusunga lina latsopano m'chikwama cha gitala. Ngati gitala ikhala miyezi osaimbidwa, chotsanimo batire, chifukwa lakale limatha kuchucha n'kuwononga tizitsulo.

Pogula chingwe, werengani timizere. Wogulitsa akhoza kukuuzani kuti cha timizere tiwiri n'chabwino kuposa, koma pa besi ya batire chimenecho sichilumikiza kamphete ndi earth, ndipo kawirikawiri gitala imangokhala chete. Gulani cha kamzere kamodzi.

Mabesi a stereo yeniyeni aliponso, koma ndi osowa. Rickenbacker 4001 ndi 4003, a ku America, ambiri ali ndi timabowo tiwiri. Kena ndi ka mono wamba, kena kalembedwa Rick-O-Sound. Kachiwiriko kamatumiza pickup ya kufupi ndi khosi la gitala ku ampu ina, ya kumunsi ku ampu inanso. Geddy Lee, wa gulu la Rush la ku Canada, ankaimba 4001 m'zaka za m'ma 1970. Zimafuna maampu awiri, ndiye ife obwerekana ampu imodzi ndi wa kiyibodi tingodziwa kuti ziliko.

Jack imatha, popeza chingwe chimalowa ndi kutuluka nthawi ndi nthawi. Ikayamba kukhethemera, mangani nati yake, koma mutagwira jack kum'kati. Mukangopotokola kunja, jack yonse imazungulira n'kudula mawaya. Ikafika pofunika kusintha, jambulani mawayawo ndi foni mmisiri asanawachotse, ndipo mumuuze kuti gitala ndi ya batire. Akaikamo jack ya mono, waya wakuda wa batire usowa pokhala. Akausiya padera, gitala silira. Akauwotcherera pamodzi ndi earth, gitala ilira bwinobwino pamaso panu, koma batire lizidyeka ngakhale chingwe chitazulidwa. Musanalipire, muoneni kuti jack imene waikayo ili ndi tizitsulo titatu.