Yankho kwa Bambo a Hilux a ku Kanyama

Mwafunsa ngati Hilux yanu ya dizilo ikufunika oyilo wa sinthetiki ndi fyuluta yachiwiri ya oyilo. Wa sinthetiki, monga 5W-40, amapirira kutentha mukamakwawa pamzere wa magalimoto mu Lumumba Road masana. Koma injini ikakhala yokalamba, 15W-40 wabwino akukwanirani; wa sinthetikiyo angangodontha pomwe malabala atha. Fyuluta yachiwiriyo imapatutsa oyilo pang'onopang'ono n'kusefa mwaye umene fyuluta yaikulu imaulekerera. Ndi yabwino, inde. Komatu ndi fumbi la kwanu lija, bambo, yambani ndi fyuluta ya mpweya. Oyilo wa m'mabotolo osamatidwa a m'mbali mwa msewu musagule ayi.