Phunziro la Mwezi Uno: Basela wa Boma kwa Osunga Ndalama ku Britain

Akuluakulu amati tsoka silinunkha. Mwana amatentha thupi pakati pa usiku, mphepo imasasula denga, kapena ntchito imatha mwadzidzidzi. Banja limene lilibe kandalama kapadera, pa tsiku lotere limathamangira kwa wokongoza katapila, ndipo ngongoleyo imalisautsa miyezi yambiri. Vutoli sili m'maiko osauka okha. Ngakhale ku Britain kuli anthu ambiri amene malipiro awo amathera m'manja mwezi usanathe. Phunziro lino likufotokoza njira imene boma la kumeneko linakonza pofuna kulimbikitsa anthu oterewo kusunga ndalama. Dzina la njirayo ndi Help to Save, ndiye kuti thandizo pa kusunga.

1. Chiyambi Chake

Ganizo lakuti boma liziwonjezera pa ndalama zimene mmphaŵi wasunga linayesedwa koyamba m'chaka cha 2002 m'madera oŵerengeka, pa dzina lakuti Saving Gateway. Koma m'chaka cha 2010 boma latsopano, pofuna kuchepetsa ndalama zimene linkaononga, linathetsa dongosololo lisanafalikire dziko lonse. M'chaka cha 2016 Nduna Yaikulu David Cameron analengeza za Help to Save, Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo lake mu 2017, ndipo mu Sepitembala 2018 khomo linatsegulidwa kwa onse oyenera. Oyendetsa ntchitoyi ndi a nthambi ya msonkho ya HM Revenue and Customs, ndipo ndalamazo zimatetezedwa ndi boma lenilenilo, kotero kuti sizingataike.

2. Oyenera Kuloŵamo

Dongosololi ndi la anthu olandira Universal Credit. Limeneli ndi thandizo la ndalama limene boma limapereka mwezi ndi mwezi kwa anthu osoŵa ntchito ndi kwa ogwira ntchito ya malipiro ochepa. Poyamba, wolandira thandizoli ankayenera kukhala ndi malipiro ofanana ndi a ntchito ya maola 16 pa sabata kuti aloledwe. Kuyambira mu Epulo 2025 lamulo linafeŵetsedwa: aliyense wolandira Universal Credit amene wapeza paundi imodzi kapena kuposerapo mwa kugwira ntchito m'mwezi wapitawo angathe kutsegula akaunti. Mwamuna ndi mkazi wake angathe kutsegula aliyense yakeyake. Munthu akatsegula, akauntiyo imapitirira ngakhale iye ataleka kulandira thandizo la boma.

3. Kasungidwe Kake

Wosunga amaika ndalama zoyambira pa £1 kulekezera pa £50 pa mwezi. Sakakamizidwa kuika mwezi uliwonse. Mwezi wa mavuto angathe kudumpha popanda chilango. Akauntiyo imakhala zaka zinai, choncho ndalama zochuluka zimene munthu angasunge ndi £2,400.

Pa paundi iliyonse yosungidwa, boma limaonjezera theka la paundi. Zili ngati basela amene wogulitsa pa msika amaika pamwamba pa mulu wa tomato, koma basela uyu ndi wamkulu ndithu. Amaperekedwa kaŵiri: pakutha pa chaka chachiŵiri ndi pakutha pa chaka chachinai. Wosunga £50 mwezi uliwonse osatapako amalandira £600 ulendo woyamba ndi £600 ulendo wachiŵiri, zonse pamodzi £1,200. Baselayo sadulidwa msonkho, ndipo amatumizidwa ku akaunti ya ku banki ya mwiniwake.

4. Kaŵerengedwe ka Basela

Apa ndipo pagona nzeru ya dongosololi. Boma siliyang'ana ndalama zimene zatsala pa tsiku lomaliza, koma pamene ndalamazo zinafika pamwamba penipeni m'zaka ziŵiri zoyambazo.

Chitsanzo: mai wina wogwira ntchito yosesa m'maofesi aika £25 mwezi uliwonse. Pakutha pa miyezi 12 ali ndi £300. Kenaka pagwa maliro pa chibale, iye atapa £200, ndipo kufikira kutha kwa chaka chachiŵiri alephera kuikanso. M'akaunti mwatsala £100 yokha, komabe basela wake ndi £150, theka la £300 ija. Okonza dongosololi anadziŵa kuti mmphaŵi sangatsekere ndalama zake kutali, pakuti amene akuopa kuti sadzaloledwa kutapa pa tsiku la tsoka sayamba n'komwe kusunga.

Basela wachiŵiri ali ndi msampha wake. Iye amaŵerengedwa pa ndalama zokhazo zimene zapitirira msinkhu wa zaka ziŵiri zoyamba. Bambo woika £20 pa mwezi amafika pa £480 m'zaka ziŵiri, nalandira £240. Akazisiya ndalamazo napitiriza kuika, amafika pa £960, nalandiranso £240. Koma akatapa £480 yonse n'kuyambanso pansi, pakutha pa chaka chachinai amangofika pa £480 yomweyo. Sanapitirire msinkhu wakale, motero basela wachiŵiri palibe. Kutapa pa vuto lenileni n'kololedwa, koma kutapa chifukwa cha chilakolako kumadya phindu la kutsogolo.

5. Zofunika Kusamala

Choyamba, wotseka akaunti nthaŵi isanakwane amataya basela wotsatira, ndipo saloledwa kutsegula ina. Munthu amapatsidwa mwaŵi umenewu kamodzi kokha.

Chachiŵiri, baselayo sachepetsa Universal Credit, koma ndalama zonse zimene banja lasunga, m'akauntiyi ndi kwina, zikapitirira £6,000 thandizolo limayamba kuchepa.

Chachitatu, amene ali ndi ngongole ya chiwongoladzanja chachikulu ayenera kuyamba waŵerengera bwino. Nkhokwe yodontha pansi sidzaza, ngakhale athiremo dengu tsiku lililonse.

Chachinai, kutsegula akaunti n'kwaulere, ndipo kumachitika kupyolera m'boma lokha. Wina aliyense wopempha ndalama kuti alembetse mnzake ndi wakuba.

6. Za Abale Okhala ku Britain

Mabanja ena kuno ali ndi ana kapena abale ogwira ntchito ku Britain, makamaka yosamalira odwala ndi okalamba. Ambiri amene anapita ndi chilolezo cha ntchito saloledwa kulandira thandizo la boma, choncho Universal Credit ndi Help to Save yomwe sizikuŵakhudza. Makolo asaganize kuti mwana aliyense wokhala kumeneko akulandira basela ameneyu. Koma amene anapatsidwa chilolezo chokhazikika ndipo akulandira Universal Credit achita bwino kufunsa za mwaŵiwu.

7. Phunziro Lake

Mu banki m'khonde, phindu logaŵana pakutha pa chaka limachokera m'chiwongoladzanja cha ngongole za mamembala okhaokha. Mu Help to Save limachokera m'thumba la boma, ndiye kuti m'misonkho ya anthu. Magwero ndi osiyana, koma mfundo ndi imodzi: wopata zochepa amatha kusunga ngati ndalama zoika zili zochepa, ngati aloledwa kupuma pa mwezi woŵaŵa, ndiponso ngati akudziŵa kuti pa tsiku la matenda adzatapa popanda kutaya zonse. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Mafunso Okambirana Podikira Sikelo

(a) Munthu woika £10 mwezi uliwonse kwa zaka ziŵiri, osatapako, alandira basela wa ndalama zingati?

(b) Chifukwa ninji boma limaŵerengera pamene ndalama zinafika pamwamba, osati zimene zatsala?

(c) Kodi gulu losunga ndalama la m'mudzi lili ndi thumba lapadera la matenda ndi maliro? Ngati lilibe, lingaliyambe bwanji?