Phunziro: Mndandanda wa ogula feteleza wotsika mtengo ndi wa anthu onse

Ndondomeko ya zipangizo zaulimi zotsika mtengo inayamba m'chaka cha 2005, mu ulamuliro wa Bingu wa Mutharika, ndipo nthawi imeneyo alimi ankalandira makuponi a pepala. M'chaka cha 2020 boma linaisintha n'kuitcha AIP. Makuponi anatha, mlimi anayamba kugula ndi chiphaso cha unzika. Chaka choyambacho thumba la makilogalamu 50 ankaligula pa K4,495, kenako pa K7,500, pambuyo pake pa K15,000.

Mtengo weniweni wa thumba ndi woposa pamenepo, ndipo ndalama yotsalayo imalipiridwa ndi boma kuchokera kumisonkho. Msonkhowo aliyense amapereka pogula sopo kapena mayunitsi a foni. Choncho ngakhale mayi wamasiye amene dzina lake silinatuluke waponyapo yake pa thumba la mnansi wake, ndipo ali ndi ufulu wodziwa kumene thumbalo lapita.

Chinyengo chambiri chimabisala pamndandanda wa mayina. Mndandanda ukangokhala m'chikwama cha mlangizi kapena m'nyumba ya mfumu, mumalowa mayina a anthu omwalira ndi a amene anasamuka kalekale, kapena banja limodzi limalembedwa katatu. Ukawerengedwa pabwalo, zonsezi zimaonekera, pakuti ofesi ya kuboma sidziwa amene anaikidwa m'manda chaka chatha, koma mudzi umadziwa. N'chifukwa chake kuli bwino kuti mayina awerengedwe mokweza pamsonkhano wa mudzi, osati kungowamata pakhoma la ofesi ya zaulimi, chifukwa si onse amatha kuwerenga ndipo si onse amafika kumeneko. Komabe chowerengedwa chikhale dzina ndi mudzi basi. Nambala ya chiphaso siyenera kulengezedwa, ndipo chiphasocho sichiyenera kusonkhanitsidwa ndi munthu aliyense, kaya ndi mfumu, wakomiti kapena venda wolonjeza ndalama yapompopompo. Mlimi amene wafika pamalo ogulitsira n'kuuzidwa kuti wagula kale, kawirikawiri chiphaso chake chinayamba chayenda m'manja mwa wina.

Si kumudzi kokha kumene ndalamazi zimasokonekera. M'chaka cha 2022 zinadziwika kuti ndalama pafupifupi K750 miliyoni zogulira feteleza zinaperekedwa ku kampani ina ya ku Britain imene ntchito yake inali yogulitsa nyama. Nkhaniyo itafika poyera, nduna ya zaulimi inachotsedwa paudindo.

Kufunsa za ndondomekoyi si mwano, ndipo lamulo limaikira kumbuyo wofunsayo. Lamulo lopatsa anthu mwayi wopeza uthenga kumaofesi a boma linavomerezedwa ndi Nyumba ya Malamulo m'chaka cha 2016, n'kuyamba kugwira ntchito pa 30 September 2020. Ofesi imene yafunsidwa iyenera kuyankha pasanathe masiku 15 ogwira ntchito, ndipo bungwe la Malawi Human Rights Commission ndi limene limaonetsetsa kuti lamuloli likutsatidwa. Nzika ikhoza kufunsa kuti dera lake lapatsidwa malo a alimi angati, anasankhidwa potsata mfundo ziti, ndiponso matumba a NPK ndi Urea amene afika pamalo ogulitsira ndi angati. Funso lomalizali ambiri amaliiwala, chonsecho dzina lopanda thumba silibereketsa chimanga.

Dandaulo liyambe ku komiti ya chitukuko ya mudzi, VDC, likalephereka lipite ku ADC ndi kwa khansala wa wodi, amene amalifikitsa ku khonsolo. Pamene pali umboni wa ziphuphu, nkhaniyo ndi ya bungwe lothana ndi katangale la ACB. Mlembi wa VDC asunge mndandanda umene unawerengedwa pabwalo, ndi tsiku lake, kuti msika wa feteleza ukatsekedwa mudzi udzakhalenso pansi n'kuitana mayina omwewo limodzi ndi limodzi, aliyense anene ngati anapezadi matumba ake.