Namasupuni Angathe Kusanduka Dengu

Alimi anzanga, sabata ino tikambirane za namasupuni, udzu wa maluwa okongola uja umene umatseka madooko mu mtsinje wa Shire. Kwawo kwa udzuwu ndi ku South America. Pa madzi a chonde umatha kuchulukana kawiri m'masabata awiri okha. Asodzi amalephera kuponya maukonde, ndipo ukakokoloka umakatseka makina amagetsi ku Nkula ndi ku Tedzani.

Ku Kisumu m'dziko la Kenya, mphepete mwa nyanja ya Victoria, anthu amaluka madengu ndi mipando ndi udzu womwewu. Ine ndikuona kuti nafenso tingatero, makamaka m'madera amene mlaza ndi nsungwi zayamba kusowa.

Poyamba, sankhani mapesi aatali ndi okhwima. Amenewa amapezeka pamene udzuwu wathithikana. Dulani mizu ndi masamba, mutenge phesi lokha.

Chachiwiri, yanikani mapesiwo pa thandala, osati pa dothi, ndipo muziwatembenuza tsiku ndi tsiku mpaka atauma gwaa. Magawo oposa 90 pa 100 alionse a namasupuni ndi madzi, choncho musadabwe mtolo waukulu ukasanduka kamtolo. Phesi losauma bwino limachita chuku ndipo dengu lake silikhalitsa.

Chachitatu, wazani timadzi pang'ono kuti mapesi afewe, kenaka apoteni atatuatatu ngati chingwe. Mafupa a dengu akhale a nsungwi, chingwecho chizingozungulira. Dengu lotere ndi losungiramo zovala ndi zinthu zina zouma. Chimanga ndi nsomba zisiyireni mtanga wa nsungwi.

Tsono chenjezo langa lalikulu ndi ili: musanyamule mizu kapena maluwa kupita nazo ku dambo, ku damu kapena ku dziwe la nsomba la kwanu. Kachidutswa ka tsinde kamaphukanso, ndipo njere zake zimatha kukhala m'matope zaka 20 osafa. Zotsala zonse ziwunjikeni pamtunda, kutali ndi madzi, zikauma muziotche. Podula imani m'bwato kapena kokerani udzuwo kumtunda ndi ngowe, chifukwa mu namasupuni mumabisala ng'ona ndi nkhono zofalitsa likodzo.

Kuluka pakokha sikungathetse namasupuni mu Shire, koma kungatsegule dooko la m'mudzi mwanu ndi kukupezetsani ya sopo ndi mchere. Yambani ndi dengu limodzi m'chilimwe chino, dzuwa likadalipo, mukalionetse pa msika musanadule mitolo yambiri.